Mapiko Osakupiza

Esinta wabwera ndi kope la kusukulu.
Aphunzitsi akufuna tanthauzo la mawu akuti ndege,
mzere umodzi wokha, osapitirira.
Wafunsa ine chifukwa ku Nchalo kuno amanena
kuti ndinagwira ntchito ya ndege zaka khumi ndi zinayi.
Sanamuuze kuti ndinkaigwira ndili pansi.

Ndinali wa mbendera.
M'mbandakucha, mphepo isanadzuke,
ndinkaima kumathero kwa munda wa nzimbe
ndi nsungwi yomangirira kansalu kofiira,
iyo n'kutulukira, yachikasu ngati papaya wakupsa,
mimba ikupeta nsonga za masamba,
mphuno italunjika pachipumi panga.
Ikadutsa ndinkawerenga mapazi makumi awiri, n'kuimanso.
Mankhwala ankandigwera m'khosi ngati mame owawa.
Woyendetsayo sindinamuonepo nkhope,
dzanja lokha, tsiku lina, pagalasi.

Lemba kuti ndi chinthu cha mapiko osakupiza.
Kakowa amakupiza, mleme amakupiza,
koma iyo inatambasula manja kamodzi kumene inabadwira
ndipo sinawapindenso.
Lemba kuti sidziwa kuima.
Ikaima m'mwamba, ndiye kuti yagwa.

Nanga ija ya ku Makhanga, chaka cha madzi?
Ayi, mwanawe, ija ndi helikopita.
Tinakangana zomwezi pachulu ndi mlamu wanga Alufandika,
madzi ali m'mawondo, mbuzi yakufa ikutizungulira.
Iye ankati chilichonse cholira m'mitambo ndi ndege basi.
Ine ndinkati ndege imafuna bwalo lalitali, louma,
ngati lija la ku Bangula lomwe ng'ombe zimagonapo.
Imatera kumene zinthu zili kale bwino.
Tsiku lachitatu chinabwera chija,
n'kuima pamwamba pathu ngati tombolombo,
n'kutsitsa chingwe.
Alufandika anakwera akukuwa kuti, Ndege! Ndege!
Sindinamutsutse.

Mawuwa ndi aulesi, sasintha malaya:
ikhale imodzi, zikhale khumi, ndege yomweyo.
Koma amayenda kuposa mwini wake.
Fombe wa kabaza analemba Ndege ya Pansi kumbuyo kwa njinga
yopanda ndi mabuleki omwe.
Udzudzu wa kudambo timati ndege za usiku.
Lichero likapezeka pamphambano kutacha
amati ya afiti yathera mafuta panjira.
Chimanga chikadula pamsika wa Ngabu
amayi amati chakwera ndege,
ndipo onse amaseka, ngakhale palibe anaikwerapo.

Kupatula mmodzi.

Izi sindikumuuza, cholembera chili m'kamwa mwake,
akuthamangitsa ntchentche ndi phazi.
Zuze, bambo ake, anapita ku Joni pa basi,
masiku atatu, ndi chikwama chobwereka.
Pobwera anangotenga maola awiri.
Anzake anasonkha ndalama, anamukweza,
osati pampando wa pawindo uja ankaulota,
koma kunsi, pamodzi ndi masutikesi a anthu.
Tinakamulandira ku Chileka ndi galimoto ya matumba a thonje,
n'kutsika naye zitunda pang'onopang'ono,
chigwa chonse chili poyera pansi pathu, Shire akunyezimira,
ine n'kumaganiza kuti kumwamba kumaoneka chonchi.
Pamaliro ndinamva anthu akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe:
wabwera pa ndege,
ndipo m'mawu mwawo munali kakaduka pang'ono.
Esinta anali ndi zaka zitatu. Ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo.

Tsopano watopa nane, walemba yekha:
Ndege ndi galimoto youluka.
Akufunsa ngati wakhoza.
Wakhoza, ndatero. Ika mpumiro.

Kunja kwatentha, agalu abisala pansi pa ngolo.
Kutali kwambiri, kumene phokoso silifika,
ina ikujambula mzere woyera kulowera kumwera,
yosadziwa kuti pansi pano pali Nchalo.
Dzanja langa lamanja layamba kudzuka lokha,
ngati muli nsungwi.